Domasi ili ndi alembi, nanga zolemba zawo zikhala kuti?

Ndi malo ochepa m'dziko muno amene atulutsa zolemba zambiri ngati chigwa cha Domasi, chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa m'dera la Mfumu Malemia. M'chaka cha 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni kumeneku, ndipo pofika 1889 adali atatulutsa buku lophunzitsa Chiyao. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda lidakhazikitsako sukulu ya Jeanes, yosula aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi. Lero mabuku ambiri amene mwana wa ku Chitipa kapena wa ku Nsanje amatsegula m'kalasi amakonzedwa ku Malawi Institute of Education, ndipo chapafupi pomwepo Domasi College of Education imasula aphunzitsi a sekondale chaka ndi chaka.

Koma zonsezi ndi zolemba za mabungwe, zokhala ndi chidindo ndi mashelefu ozisungira. Zimene munthu amalemba payekha zimayenda njira ina. Mphunzitsi amene wapeza njira yabwino yofotokozera masamu ovuta, wophunzira wa pakoleji amene amapeka ndakatulo usiku, mlimi wa nsomba amene watola nzeru ku malo a kafukufuku wa nsomba a ku Domasi, mkulu wampingo amene akutolera mbiri ya mishoni, onsewa akalemba amaponya pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Mawuwo amawerengedwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako amakwiririka ndi zithunzi za ukwati ndi mauthenga a maliro. Foni ikabedwa pa Songani kapena ikagwera m'madzi, nthawi zambiri zapita basi.

Akatswiri a makompyuta ali ndi yankho lawo pa vutoli, ndipo amalikonda mpaka kufika polilalikira. Amati munthu amange tsamba lakelake la pa intaneti pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa static site generator. Funso ndi lakuti kodi njira yobadwira ku America imeneyi ingamuthandize munthu wokhala m'mbali mwa msewu wa M3, amene amagula bandulo ya tsiku limodzi ndipo sadziwa ngati magetsi afika madzulo. Yankho lake likudalira kumvetsa kaye mmene tsamba limafikira pa foni.

Munthu akadina linki, foni yake imatumiza pempho ku kompyuta ina yakutali yotchedwa seva. Pa masamba ambiri, monga omangidwa ndi WordPress, tsamba lomwe wapemphalo silinapangidwe n'komwe panthawiyo. Seva imayamba yadzutsa pulogalamu, pulogalamuyo imakafufuza mawu m'nkhokwe yake yotchedwa database, imawaphatikiza ndi maonekedwe a tsamba, kenako n'kutumiza. Wina akapempha tsamba lomwelo, ntchito ija imatha kuyambiranso. Static site generator imagwira ntchito yonseyi kamodzi kokha, pa kompyuta ya mlembi, n'kutulutsa mafayilo omalizidwa kale. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mayi wa lesitilanti amene amatereka mphika kasitomala akafika, ndi mayi wa mandasi amene adakazinga m'mamawa ndipo wogula akabwera amangotola m'beseni. Seva ya tsamba lotere ilibe chophika. Imangopereka.

Chodabwitsa n'chakuti njirayi ndi yakale kuposa inzake. Tsamba loyamba padziko lonse, limene Tim Berners-Lee adaika poyera ku CERN mu 1991, lidali fayilo wamba ya HTML. Vuto lidali lakuti munthu akakhala ndi masamba 200 n'kufuna kusintha mzere umodzi wa pamwamba, ankayenera kutsegula onse 200 pamanja. Ndiye kudabwera mapulogalamu ochotsa chintchito chimenechi: Blogger mu 1999, imene Google idagula mu 2003, ndi WordPress ya Matt Mullenweg ndi Mike Little m'chaka chomwecho cha 2003. WordPress idakula kwambiri moti lero imayendetsa masamba pafupifupi anayi mwa khumi alionse padziko. Koma idabwera ndi katundu wake. Imafuna seva yolipira mwezi ndi mwezi, imafuna kuikonza pafupipafupi, ndipo timapulogalamu towonjezera timene anthu amalumikizako ndi timene mbava za pa intaneti zimalowerapo kawirikawiri.

Mu 2008 Tom Preston-Werner, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya GitHub, adatopa nazo zimenezi ndipo adalemba kapulogalamu kotchedwa Jekyll. Maganizo ake adali osavuta: alembe nkhani m'fayilo wamba, pulogalamu iphatikize fayiloyo ndi maonekedwe amene wasankha, masamba onse atuluke okonzeka. Kumapeto kwa chaka chomwecho GitHub idayamba kusunga masamba otere mwaulere kudzera mu GitHub Pages. Pambuyo pake kudabwera Pelican mu 2010, Hugo ya Steve Francia mu 2013, Eleventy ya Zach Leatherman, ndi mazana ena. Si zoseweretsa ayi. Tsamba lotolera ndalama za kampeni ya Barack Obama mu 2012 lidamangidwa ndi Jekyll, ndipo magazini ya Smashing Magazine idachoka pa WordPress kupita pa Hugo mu 2017.

Amalawi sadachedwe kulowa m'bwalo lolemba pa intaneti, ndipo Domasi ili ndi mbali yake m'nkhaniyi. A Steve Sharra, amene adagwirapo ntchito yokonza mabuku ku Malawi Institute of Education m'zaka za m'ma 1990, adadzatchuka ndi tsamba lawo la Afrika Aphukira, pomwe ankalemba nkhani zazitali za maphunziro, uMunthu ndi ndale. Mtolankhani Victor Kaonga adali ndi lake lotchedwa Ndagha. Ndipo aliyense wokayika ngati tsamba la munthu mmodzi lingasunthe kanthu akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Nyuzipepala ya Daily Times italemba za makina ake opanga magetsi ndi mphepo chakumapeto kwa 2006, a Soyapi Mumba adaionetsa nkhaniyo kwa mnzawo wa kuntchito ku Baobab Health, Mike McKay, amene adailemba pa tsamba lake. Kuchokera pamenepo idafika kwa okonza msonkhano wa TEDGlobal, ndipo mu June 2007 mnyamatayo adali pa nsanja ku Arusha.

Ambiri a m'badwo umenewo ankalemba pa Blogger, ndipo adachita mwayi kuti Google sidatsekebe malowo. Anzawo ena sadachite mwayi wotero. Yahoo idatseka GeoCities mu 2009, masamba mamiliyoni n'kuzimirira. Posterous idatsekedwa mu 2013, Google+ mu 2019, ndipo m'chaka chomwecho MySpace idavomera kuti idataya nyimbo zimene anthu adaikapo kwa zaka zoposa khumi. Mwini malo akaganiza zotseka, wolemba amangouzidwa tsiku. Apa ndi pamene pagona mphamvu yeniyeni ya static site generator, kuposa liwiro limene okonda njirayi amatamanda: zolemba zenizeni zimakhala m'foda ya pa kompyuta ya mlembi, ndipo zimene zili pa intaneti ndi kope chabe. Kampani yosunga tsamba ikatseka, munthu amanyamula foda yake n'kukaika kwina tsiku lomwelo.

Nanga ntchito yake imayenda bwanji? Tiyerekeze ndi Hugo. Munthu amadawuniloda fayilo imodzi ya pulogalamuyo n'kuiika pa laputopu, kaya ndi ya Windows, Linux kapena Mac. Kenako amatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba kuti hugo new site ndi dzina la tsamba lake. Nthawi yomweyo pamabadwa foda yokhala ndi timafoda tingapo: ka content ndi ka nkhani, ka themes ndi ka maonekedwe, ka static ndi ka zithunzi ndi zina zosasintha. Maonekedwe safunika kuwapanga yekha, popeza alipo mazana opangidwa kale ndi anthu ena, monga Ananke ndi PaperMod, ndipo ndi aulere.

Nkhani imalembedwa mu Markdown, kalembedwe kamene John Gruber adatulutsa mu 2004. Munthu angakaphunzire pa nthawi yopuma ya pakati pa maphunziro. Chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere chimapanga mutu, tinyenyezi tiwiri uku ndi uku timadetsa mawu, mzere wopanda kanthu umayambitsa ndime yatsopano. Fayilo yotere imatseguka ndi Notepad yomwe, ndipo idzatsegukabe zaka 30 zikubwerazi, zimene sitinganene motsimikiza za mapulogalamu ambiri olembera. Pamwamba pa fayilo pamakhala timizere tochepa tonena mutu wa nkhani, tsiku, ndi ngati nkhaniyo yatha kapena ikadakonzedwa. Akalemba hugo server, tsamba lonse limaoneka pa laputopu pomwepo, pa adiresi ya localhost:1313, monga mmene lidzaonekere kwa owerenga. Akalemba hugo pawokha, masamba omalizidwa amagwera m'foda yotchedwa public.

Pali msampha wina umene wolemba Chichewa angagweremo msanga. Hugo ikamapanga fayilo yatsopano, imatsekera mutu wa nkhani pakati pa tizizindikiro tiwiri tofanana ndendende ndi kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi kapena n'chifukwa. Wolemba Chichewa akapereka mutu wakuti Ng'ona za m'nyanja ya Chilwa, pulogalamu imaona ngati mutuwo wathera pa Ng, zotsalazo n'kuzitenga ngati zinyalala, ndipo imakana kumanga tsamba lonse. Mankhwala ake ndi kusintha tizizindikiro takunjato kuti tikhale ta mitengero yapawiri, timene timatsekera mawu a munthu m'nkhani. N'kanthu kakang'ono, koma kangathe kumugonetsa munthu ndi mutu wopweteka asanatulutse nkhani yake yoyamba. Msampha wachiwiri ndi mzere wa draft = true, umene Hugo imaika yokha. Ukaiwalika, nkhani siituluka, ndipo mlembi amayamba kunyoza netiweki yosalakwa.

Tsopano taonani chinthu chimene munthu wa ku California sachiwerengera koma wa ku Domasi amachimva msanga. Pa zonse zafotokozedwazi, intaneti yafunika pa kudawuniloda pokha. Kulemba, kukonza, kuona maonekedwe, kumanga masamba, zonse zimachitika foni ili chozimitsa data. Pa WordPress kapena Blogger munthu amalembera m'kati mwa tsamba la kampaniyo, bandulo ikudyeka, ndipo netiweki ikadukira pakati amagwira mtima kuti kaya ndime ija yasungika. Ndi Hugo angalembe sabata yonse, Loweruka n'kugula bandulo yaing'ono kapena kupita mu mzinda wa Zomba pomwe pali intaneti yabwinoko, n'kutumiza zonse m'mphindi zochepa. Mawu okhaokha salemera. Nkhani ya masamba asanu siifika ngakhale makilobaiti 20.

Za magetsi n'chimodzimodzi. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzima kwa magetsi kwa maola ambiri kudakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Nthawi zoterezi nsanja za mafoni nazo zimavutika. Laputopu yotchajidwa pa sola imatha kugwirabe ntchito yonse ya tsamba, pamene tsambalo, limene likukhala pa makompyuta a kunja kwa dziko, likuwerengedwabe ndi wachibale wa ku Johannesburg kapena ku Lusaka.

Mbali ya wowerenga ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa ku Malawi wowerenga amalipira tsamba lililonse limene watsegula. Mu 2015 boma lidaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pa foni, kuwonjezera pa VAT, ndipo mu 2020 anthu adadandaula mokweza pa kampeni ya Data Must Fall mpaka makampani adayamba kutsitsako mitengo. Tsamba wamba la pa intaneti masiku ano limalemera kupitirira mamegabaiti awiri, ndipo gawo lalikulu la kulemerako si nkhani ayi, koma zithunzi, zotsatsa malonda ndi timapulogalamu tolondola wowerenga. Masamu ake ndi osavuta. Bandulo ya gigabaiti imodzi imatsegula masamba a mamegabaiti awiri pafupifupi 500. Tsamba lopepuka la makilobaiti 50 ingalitsegule ka 20,000. Kwa wophunzira wa ku sekondale yoyendera amene wabwereka foni ya malume ake, kusiyana kumeneku ndi kumene kumagamula ngati awerenga kapena ayi.

Komabe static site generator siipepukitsa tsamba mwa matsenga. Chithunzi chimodzi chochokera pa foni ya masiku ano chimatha kulemera mamegabaiti atatu kapena asanu, ndipo munthu akaika zisanu osazichepetsa waononga phindu lonse. Maonekedwe ena okongola amabweranso ndi zilembo zapadera zodawuniloda kuchokera ku Google ndi mapulogalamu a JavaScript osafunikira. Hugo imatha kuchepetsa zithunzi yokha ikauzidwa, koma kudziletsa kumachokera kwa mlembi. Chitsanzo chodziwika ndi Low-tech Magazine ya Kris De Decker ku Barcelona. Mu 2018 magaziniyi idamanga tsamba lokhala pa kakompyuta kakang'ono koyendera sola, ndi zithunzi zochepetsedwa mitundu dala kuti zipepuke. Kukachita mitambo masiku angapo tsambalo limazima, ndipo pa tsamba pomwepo pamaoneka mlingo wa batire. Lidayamba ndi Pelican, kenako lidasamukira pa Hugo. Anthu a ku Ulaya amaliona ngati chinthu chachilendo chochititsa chidwi. Mmalawi angalione ngati tsamba loyamba lomangidwa ndi munthu wodziwa mavuto ake.

Masamba akamangidwa ayenera kukhala penapake pomwe dziko lingawapeze. Popeza ndi mafayilo wamba osafuna seva yamphamvu, makampani angapo amawasunga osalipiritsa: GitHub Pages, Netlify, Cloudflare Pages, GitLab Pages. GitHub Pages imalola tsamba lofika gigabaiti imodzi, mlingo umene wolemba mawu sangaudzaze m'moyo wake, ndipo imapereka loko wotetezera tsamba wa HTTPS mwaulere. Njira yotumizira mafayilo nthawi zambiri ndi Git, pulogalamu imene Linus Torvalds adalemba mu 2005, yomwe imasunga mbiri ya kusintha kulikonse. Ndime yofufutidwa chaka chatha ingabwezedwe lero.

Ubwino womwewo uli ndi mano. Pa akaunti yaulere ya GitHub, foda imene tsamba likuchokera imayenera kukhala yoonekera kwa aliyense, pamodzi ndi mbiri yake yonse. Mphunzitsi akatumiza mwangozi fayilo ya mayeso amene sanalembedwe, kapena mndandanda wa mayina ndi malikisi a ana, kungoifufuta sikukwanira, chifukwa imatsalabe m'mbiri. Ndiponso tisanamizane kuti munthu wamasuka kwa eni malo. GitHub ndi ya Microsoft kuyambira 2018, pomwe idagulidwa ndi madola 7.5 biliyoni, ndipo zaulere za lero zingasinthe mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti kusamuka n'kosavuta.

Nkhani ya dzina la tsamba ndi pamene kwacha imalowerera. Adiresi yaulere imakhala ndi dzina la kampani kumapeto, monga github.io. Ofuna dzina lawolawo lothera ndi .com amalipira madola khumi ndi kanthu pachaka. Kwa munthu wa kunja ndi ndalama ya khofi, koma kuno kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti kulipira pa intaneti ndi khadi la banki kukhale kodalira mwayi. Dzina likapanda kulipiridwa chaka chimodzi, wina angathe kuligula, malinki onse amene anthu adagawana n'kufa. Palinso dzina la dziko lathu, .mw, limene kwa zaka zambiri lakhala likuyendetsedwa ndi bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Kwa woyamba kumene, nzeru ndi kuyamba ndi adiresi yaulere, n'kudzagula dzina akaona kuti wakhala akulemba kwa miyezi ingapo osaleka. Masamba ambiri a anthu amafa ali ndi nkhani ziwiri, ndipo yoyamba imakhala yofotokoza mmene tsambalo lidamangidwira.

Pa funso lakuti asankhe pulogalamu iti, okonda makompyuta amatha kukangana usiku wonse, koma kwa munthu wa bandulo yowerengera nkhaniyi ndi yaifupi. Jekyll imafuna kuika kaye chilankhulo cha Ruby, chimene pa Windows chimavuta. Eleventy ndi anzake a JavaScript amakoka timafayilo zikwizikwi pa intaneti asanayambe ntchito. Hugo ndi fayilo imodzi, imene mnzako angakupatsire pa fulashi, ndipo imamanga masamba mazana m'kamphindi ngakhale pa laputopu yakale yogula pa kaunjika. Jekyll ili ndi mwayi umodzi wokha waukulu: GitHub Pages imaimanga yokha, choncho munthu angathe kulemba fayilo ya Markdown pa tsamba la GitHub ndi foni basi, osaika pulogalamu iliyonse.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika chifukwa chopinga chachikulu m'chigwa cha Domasi si ndalama ya seva koma laputopu. Anthu ambiri amene ali pa intaneti ku Malawi amalowera pa foni, ndipo njirayi idapangidwira anthu okhala pa desiki. Pali zothandiza. Pa foni ya Android pali Termux, imene imalola kuika Hugo ndi Git pa foni pomwepo, ngakhale kulemba malamulo pa kagalasi kakang'ono kumafuna mtima wa mlimi wa mpunga. Kwa amene ali ndi laputopu koma amaopa kawindo kakuda, pali Publii, pulogalamu yaulere yooneka ngati WordPress, yokhala ndi mabatani, koma imagwira ntchito popanda intaneti n'kutulutsa masamba omalizidwa chimodzimodzi. Kwa aphunzitsi ambiri, imeneyi mwina ndiyo khomo loyenera kuposa Hugo.

Chopinga china ndi chilankhulo. Malangizo onse ali m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha m'kalasi koma cha akatswiri. Pulogalamu ikalephera, uthenga umene imatulutsa umangotchula nambala ya mzere ndi mawu amene ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi sangawamasulire. Tsiku loyamba ndi lowawa, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepo. Wophunzira mmodzi wodziwa makompyuta atakhala pansi ndi anzake asanu masana amodzi angawadumphitse chigwembe chimenechi, chifukwa tsamba likangoima, ntchito yotsala ndi kulemba fayilo ndi kuitumiza.

Ndiye pali zimene tsamba lotere silingachite palokha. Lilibe polembapo owerenga, lilibe polowera ndi mawu achinsinsi, silingalandire ndalama za Mpamba kapena Airtel Money. Kufufuza mawu m'kati mwake kumafuna chowonjezera monga Pagefind. Wofuna kugulitsa katundu, kapena sukulu yofuna kuti makolo aziona zotsatira za ana awo, afune njira ina. Ndipo chachikulu pa zonse, tsamba silibwera ndi owerenga. Facebook imakankhira nkhani pamaso pa anthu, ndipo makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha, amene satsegula masamba ena. Wowerenga wa bandulo yotere akadina linki, palibe chimachitika. Choncho amene akuganiza zotsanzikana ndi WhatsApp akudzinamiza. Chotheka ndi kuika nkhani yonse pa tsamba, n'kuponya ndime zake zoyamba pa gulu pamodzi ndi linki, kapena kuponya nkhani yonse kumene, podziwa kuti kope lokhalitsa lili pabwino.

Lamulo nalo silisiyanitsa tsamba lalikulu ndi laling'ono. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imafuna kuti wofalitsa zinthu pa intaneti aonetse poyera dzina la mkonzi ndi njira zomupezera, ndipo anthu angapo amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zimene adalemba pa intaneti. Kukhala mwini tsamba kukutanthauza kukhalanso mkonzi wake. Mphunzitsi wa boma ali ndi malamulo enanso a pantchito, ndipo zithunzi za ana a sukulu siziyenera kuikidwa popanda chilolezo cha makolo. Mabuku a Malawi Institute of Education nawo ali ndi eni ake: kulemba njira yako yophunzitsira mutu wina n'kololedwa, kujambula buku lonse n'kuliika pa tsamba ndi mlandu.

Pali chifukwa china chimene chigwa cha aphunzitsi chingasamalire nkhaniyi. Chichewa chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia, ku Tete ndi ku Niassa, koma pa intaneti yotseguka n'chosowa. Google Translate idachilandira mu December 2014, komabe wofufuza nkhani ya sayansi kapena ya mbiri m'Chichewa amapeza zochepa, ndipo zambiri mwa izo ndi zachipembedzo kapena zomasuliridwa kuchokera kwina. Sikuti anthu salemba. Amalemba kwambiri tsiku lililonse, koma m'magulu otsekedwa amene makina ofufuzira safikako. Chiyao, chimene chimamveka paliponse kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa, chili pamavuto oposa pamenepa. Tsamba la mafayilo wamba limawerengeka mosavuta ndi Google, ndipo mu fayilo ya zokonzera ya Hugo muli mzere umodzi wonena chilankhulo cha tsamba. Kulembapo ny m'malo mwa en kumauza makina onse kuti izi ndi Chichewa, ndipo foni imaleka kuganiza kuti ndi Chingerezi cholembedwa molakwika.

Chinthu china chimene WordPress ndi Facebook sizingapereke n'chakuti foda ya public ija imayenda ngakhale kopanda netiweki. Mlembi akatsegula mizere iwiri m'zokonzera za Hugo, relativeURLs ndi uglyURLs, malinki a m'kati mwa tsamba amagwira ntchito popanda seva. Foda yonse ingakopedwe pa fulashi kapena pa memori khadi, n'kupita nayo ku sukulu ya kuseri kwa phiri la Malosa kapena ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mphunzitsi angaitsegule pa kompyuta ya mu ofesi ya ahedi podina fayilo ya index.html. Wophunzira wa pa Domasi College amene akupita kukayeserera kuphunzitsa kumudzi angathe kunyamula m'thumba zolemba zonse za anzake a chaka chatha, zosanjidwa mitu ndi masiku, ndipo akabwerako n'kuwonjezerapo zake.